Wailesi ya bambo ikungolira ngati njuchi masana onse, ndingapeze bwanji komwe phokosoli likuchokera?

Mwana_wa_Makawa:
Anzanga a pa gulu lino ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Makawa kuno, kumunsi kwa msewu wopita ku Monkey Bay, mbali ya kunyanja. Bambo anga maso anafooka ndiye mnzawo wamkulu ndi wailesi, ija yakale yokhala ndi FM, MW ndi SW. Miyezi iwiri yapitayi yayamba kulira zzzzzz ngati mwatsekera njuchi m'chitini, pa MW ndi SW ndiye simungamve olo liwu limodzi, pa FM masiteshoni amphamvu akumveka koma ofooka aja akumira. Ndinapita nayo kwa okonza ku boma, kumeneko ikuyankhula bwinobwino, anandibweza kuti ilibe vuto. Kufika nayo pakhomo, zzzzzz. Ndiye ndikuganiza kuti pali chinthu pafupi pompano chimene chikutulutsa phokosoli. Kodi munthu angathe kuyenda ndi wailesi m'manja mpaka kupeza pomwe zikuchokera? Dzulo ndayesa kuzungulira mudzi koma kulikonse ndikungomva chimodzimodzi, ndangopsa ndi dzuwa. Bambo akungokhala pakhonde duu opanda chomvera, zikundipweteka mtima.

Kabaza265:
Aguliereni ina achimwene, kapena muwaikire wailesi ya pa foni basi

Mwana_wa_Makawa:
@Kabaza265 ndinabwereka ya aneba, nayonso ikulira chimodzimodzi. Ndipo ya pa foni ndi FM yokha, iwo amakonda SW kumvera nkhani zakunja.

Fundi_wa_Mawaya:
Musanayende mtunda yambirani m'nyumba mwanu momwemo. Ikani mabatire mu wailesi, musailumikize ku soketi, kenako kazimitseni main switch nyumba yonse ithime. Ngati muli ndi sola chotsaninso waya wa ku batire. Phokoso likatha ndiye kuti wakubayo ali m'nyumba mwanu, yatsani chinthu chimodzichimodzi mpaka mumugwire. Ine pa anthu amene ndawathandizapo nkhani ngati iyi ambiri vuto linali chaja ya foni yotchipa, babu la LED kapena inveta yawo yomwe. Zinthu zimenezi mkati mwake zimadula ndi kulumikiza magetsi maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi, ndipo kudula kulikonse kumatulutsa kamfunde ka wailesi. Zopangidwa bwino zimakhala ndi sefa yotsekereza, zotchipazi sefa anachotsamo kuti mtengo utsike. Chachiwiri, tengani kope muzilemba nthawi yomwe phokoso layamba ndi yomwe lasiya, masiku angapo.

Mwana_wa_Makawa:
A Fundi ndachita monga mwanenera, main switch ndazimitsa, sola tilibe. Likulirabe osasintha. Za nthawi ndafunsa bambo, akuti limayamba chakuma 8 m'mawa, likumasiya chakuma 4 madzulo, usiku wailesi ili bwinobwino. Akutinso sabata ina yapitayo linasowa masiku anayi kapena asanu kenako linabwerera.

Che_Malindi:
Masana okhaokha? Amenewo ndi owotcherera zitsulo, palibe wa welding pafupi?

Fundi_wa_Mawaya:
@Che_Malindi welding imalira modukizadukiza, thetheteee kenako zii, malinga ndi dzanja la mmisiri. Uyu akuti ndi zzzz wosalekeza maola 8. Chigayo nachonso ayi, mota ya chigayo siichita zimenezi kawirikawiri.

Aphunzitsi_a_Physics:
Achimwene a ku Makawa, kuyenda ndi wailesi kumatheka ndithu, koma dzulo munayenda mukumvera kukula kwa phokoso, ndipo pamenepo ndi pomwe wailesi inakupusitsani. Mkati mwa wailesi ya AM muli kadera kotchedwa AGC, ntchito yake ndi kukweza mawu signal ikafooka ndi kuwatsitsa ikakula, kuti omvera asamangotembenuza voliyumu. Ndiye kaya muli pa mamita 100 kaya pa mamita 500 khutu lanu limva pafupifupi zofanana.

Njira yabwino ndi kufunafuna pomwe phokoso likufera, osati pomwe likukulira. Pa MW wailesi siigwiritsa ntchito eriyo yokoka ija. Mkati muli kandodo kakuda konga choko chachitali, ka ferrite, kokulungidwa waya wa kopa, ndipo kamagona chopingasa motsatira utali wa wailesi. Kandodoka kamamva kwambiri m'mbali mwake, koma kunsonga kwake n'kogontha. Ndiye ikani pa MW pamalo popanda steshoni, gwirani wailesi mowongoka monga imakhalira patebulo, muzitembenuka nayo pang'onopang'ono. Pena pake phokoso lizilala mwadzidzidzi, kapena kutheratu. Pamenepo imani. Nsonga ya wailesi, kumanja kapena kumanzere, yaloza komwe phokoso likuchokera.

Vuto ndi lakuti nsonga zilipo ziwiri, ndiye simudziwa ngati chinthucho chili kutsogolo kwa mzerewo kapena kumbuyo. Apa ndi pomwe kuyenda kumalowera. Lembani mzere woyamba pa mapu, musunthe cham'mbali mamita 300 kapena 400, muyezenso, mulembe mzere wachiwiri. Pomwe mizere yakumana ndi pomwe mukafufuze. Yezani kachitatu kuti mutsimikize, mizere itatu imapanga katrayango kakang'ono, chinthu chanu chili chamomwemo.

Mwana_wa_Makawa:
Aphunzitsi zikomo kwambiri, ndayesa pabwalo pano pompano ndipo zoona pali mbali yomwe likuzilala! Sindinadziwe. Koma mapu ndiwatenga kuti?

Aphunzitsi_a_Physics:
Google Maps pa foni, muike pa satellite kuti madenga azioneka, jambulani screenshot n'kumalembapo. Olo pepala wamba, jambulani msewu ndi gombe. Foni ili ndi kampasi koma musaiyandikize ku wailesi, sipika ili ndi maginito ndipo kampasi isokonekera. Ndi bwino kungoyang'ana kuti nsonga yaloza mtengo uti kapena denga liti, n'kulemba chimenecho. Dziwaninso kuti mukaphonya ndi madigiri 5 okha, pa mtunda wa kilomita imodzi mwaphonya ndi mamita pafupifupi 87, ndiye mukamayandikira muzibwereza kuyeza. Ndipo musayeze malo awiri omwe ali pamzere umodzi ndi chinthucho, mizere ikangotsala pang'ono kugonerana siikuuzani kanthu. Yabwino ndi yodutsana ngati mtanda.

Kabaza265:
Ngati ndi choncho ndibwere ndi njinga yamoto Loweruka tizungulire Makawa yonse mphindi 20 zokha

Fundi_wa_Mawaya:
@Kabaza265 njinga yamoto ayi amwene. Pulagi ikamathetheka imalowa mu wailesi tatatata kutsatira injini, mudzakhala mukusaka phokoso mutakwera phokoso. Yopalasa ndiye yabwino, kapena wapansi.

Mlonda_wa_Tchire:
Nkhaniyi yandikumbutsa ntchito yomwe ndinagwirako m'nkhalango. Mukudziwa kuti African Parks inayamba kuyang'anira Liwonde mu 2015, akambuku othamanga aja a cheetah anabwera mu 2017, mikango mu 2018, chaka chomwecho nkhalango ya Mangochi inalowanso m'manja mwawo. Nyama zina zimavekedwa kolala m'khosi ndipo kolalayo imalira bip, bip, bip pa VHF, iliyonse pa frequency yakeyake, monga momwe steshoni iliyonse ilili ndi malo ake pa wailesi. Munthu umanyamula risiva pachifuwa ndi eriyo ya Yagi m'manja, ija yooneka ngati minga ya nsomba, umaikweza m'mwamba n'kumazungulira nayo. Komwe bip wakula ndi komwe kuli nyama. Koma ndikuuzeni achimwene, zomwe aphunzitsi alembazo ndi zoona papepala, kutchire zimavuta. Phiri limabweza mafunde ngati momwe limabwezera mawu ukakuwa. Tsiku lina tinatsatira bip wamphamvu kulowera kuphiri pafupifupi ola lathunthu, thukuta kamukamu, kufika m'tsinde bip wasowa. Nyamayo inali kumbuyo kwathu kudambo, ife timatsatira chithunzithunzi chake chobwerera kuchokera pamiyala. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti usakhulupirire muyezo umodzi. Ukasuntha, signal yeniyeni imalozabe malo amodzi, yobwerera ija imadumphadumpha, pano yaloza uku, pakapita mamita 50 yaloza kwina. Ndiye poyezera sankhani pabwalo poyera, kutali ndi malata, mipanda ya waya ndi mapolo amagetsi, ndipo ngati pali kachulu kwerani.

Chinanso, ukayandikira kwambiri bip amamveka mbali zonse mofanana, sudziwanso kolowera. Ife timatsitsa gain, mphamvu ya kumva ya risiva, pang'onopang'ono, pena mpaka kuchotseratu eriyo n'kutsala ndi kawaya kokha. Ukamvabe bip wopanda eriyo dziwa kuti mkango uli pafupi kuposa momwe ukufunira.

Nachisale_MH:
A Mlonda inu munali kuyenda wapansi kulondola mkango? Ambuye akusungeni. Ife njovu zimatidyera chimanga kumtunda kuno, makolala amenewo bwanji sakutichenjeza zisanafike?

Mlonda_wa_Tchire:
Mayi, si njovu zonse zili ndi kolala, amaveka imodzi kapena ziwiri pa gulu, makamaka yaikazi yotsogolera. Zamphongo zoyenda zokha ndi zomwe zimavuta. Za chimanga ndikumva chisoni, ndinaziona ndi maso munda wathunthu utagona usiku umodzi.

Mnyamata_wa_Dongle:
Bwanji osagula RTL-SDR? Ndi kachipangizo ngati flash, mumalumikiza ku foni ndi kachingwe ka OTG, kamaonetsa mafunde pa screen ndi manambala a dB oonetsa mphamvu yake, simudaliranso khutu. Mukamayenda foni imadziwa pomwe muli ndi GPS, mumalemba mphamvu pamalo aliwonse, pamapeto mapu amaonetsa okha pomwe patentha. Pabwalo poyera mukachepetsa mtunda ndi theka mphamvu imakwera kanayi, ndiye kuti 6 dB, manambala amenewo sanama. Kwa FM mutha kupanga Yagi ndi tepi yachitsulo ya amisiri ndi paipi ya PVC.

Fundi_wa_Mawaya:
Kachipangizoko n'kabwino ndili nako, koma wamba kaja kamayambira cha pa 24 MHz kukwera, MW sikamva pokhapokha kakhale kamtundu wina. Komanso mpaka aitanitse kunja kafike ku Makawa, madalawa akhala mwezi wina opanda wailesi. Wailesi ali nayoyo ikwanira.

Mnyamata_wa_Dongle:
Chabwino a Fundi koma ine ndimamva kuti njira yeniyeni ya risiva yoyenda ndi Doppler, aphunzitsi tafotokozani

Aphunzitsi_a_Physics:
Doppler ndi ija mumamva ambulansi ikamabwera kulira kwake kumakhala kokwera, ikangokudutsani kumatsika. Mafunde a wailesi amachitanso chimodzimodzi, ukamayandikira frequency imakwera pang'ono, ukamatalikira imatsika, ndipo nthawi yomwe yasinthira kuchoka kokwera kupita kotsika ndi nthawi yomwe unali pafupi kwambiri ndi chinthucho. Koma tiyeni tiwerengere. Njinga ya a Kabaza pa 36 km pa ola ndi mamita 10 pa sekondi. Mafunde amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Pa 100 MHz kusinthako ndi ma hertz atatu okha mwa ma hertz 100 miliyoni, pa MW ndiye palibe n'chomwe. Komanso phokoso la ku Makawali lilibe frequency imodzi, lamwazika ponseponse, palibe choti muyeze.

Komwe Doppler imagwira ntchito zenizeni ndi kumwamba. Mu October 1957 dziko la Soviet Union litaponya Sputnik, anyamata awiri a ku Johns Hopkins ku America, William Guier ndi George Weiffenbach, anamvetsera bip wake ndipo kuchokera pa kusintha kwa frequency anawerengera njira yomwe ikuyenda. Kenako anaitembenuza nkhaniyo, ngati ukudziwa njira ya setilaiti ukhoza kupeza malo a chinthu chomwe chili pansi. Ndi mmene dongosolo lopulumutsa anthu la Cospas-Sarsat linayambira kugwira ntchito, anthu oyamba linawapulumutsa mu 1982 ku Canada ndege yaing'ono itagwa. Ndege ndi sitima zimanyamula kabokosi kolira pa 406 MHz pakachitika ngozi. Setilaiti yotsika imathamanga makilomita opitirira 7 pa sekondi, ndiye kusintha kumafika ma hertz pafupifupi 10,000, koyezeka bwinobwino. Chosangalatsa n'chakuti nayonso ikadutsa kamodzi imapeza malo awiri, kumanja ndi kumanzere kwa njira yake, vuto lomwe lija la nsonga ziwiri za wailesi, imafunika kudutsanso kuti zitsimikizike. Opulumutsa akafika pafupi amamalizitsa ndi risiva ya m'manja pa 121.5 MHz, kuyenda wapansi monga momwe achite achimwenewa.

Che_Malindi:
Ndiye bwanji ndege ija ya a Chilima inatenga tsiku lathunthu kuti ipezeke ku Chikangawa? 10 June 2024 sitidzaiwala. Anatiuza kuti ma signal a foni aonetsa dera la makilomita 10 kuzungulira

Aphunzitsi_a_Physics:
Che Malindi, nsanja imodzi ya foni imakuuzani kuti foni inali m'dera lake, mwina ndi mbali komanso mtunda mongoyerekeza, siikupatsani kadontho pa mapu. Dera la makilomita 10 kuzungulira ndi malo oposa masikweya kilomita 300, nkhalango, mapiri ndi chifunga. Kuti lichepe pamafunika nsanja zingapo zomva foni yomweyo kapena risiva yoyenda.

Admin_Gulu:
Abale nkhani ya ndege ija ndi yowawa kwa tonse, tiilemekeze, tisailowetse ndale pano. Tibwerere ku wailesi ya madala a ku Makawa.

Mayi_a_Usipa:
Ine za ma hertz sindidziwa koma ndafuna ndifunse mwana wa ku Makawayu. Masiku anayi asanu omwe phokoso linasowa aja, sinali nthawi yomwe mwezi unali mbee usiku wonse? Chifukwa ine ndimagula usipa padoko ndipo masiku amenewo ndinabwerako chimanjamanja. Mwezi ukawala usipa subwera ku magetsi ndiye asodzi a makoka a chilimira ambiri sapita pamadzi. Masiku ano asiginala, aja okopa usipa ndi kuwala, anasiya nyali za parafini zija, akugwiritsa mababu ndi mabatire, ndipo mabatirewo amatchajitsa masana akabwera kunyanja m'mawa, madzulo amakawatenga. Tangoganizirani nthawi mwanenayo, 8 mpaka 4.

Mwana_wa_Makawa:
Mayi!! Ndafunsa bambo akuti eya inali nthawi ya mwezi, akukumbukira chifukwa adzukulu ankasewera panja mpaka usiku. Thupi langa lachita tsembwe.

Fundi_wa_Mawaya:
Mayi a Usipa mwatiposa tonse. Chaja yaikulu ya mabatire, yamtundu wopepuka uja wopanda transifoma yolemera, ndi imene imalira choncho. Komabe padoko otchaja alipo angapo, musakaloze munthu chala musanayeze. Ndipo chenjezo limodzi, phokoso la chaja limakwera mu waya wamagetsi n'kuyenda nawo, waya wonsewo umasanduka eriyo. Ndiye pa MW mukaima pansi pa mawaya wailesi iziloza waya osati chaja. Njira yake ndi kukwera frequency mukamayandikira. Yambani MW muli kutali, mukafika m'dera lake sinthani ku SW kumtunda kwenikweni cha ku 15 kapena 17 MHz eriyo mutaifupikitsa, pomaliza FM pa steshoni yofooka. Frequency ikakwera phokoso lotere silipita patali, ndiye pomwe steshoni ya FM yamira kotheratu mwafika. Muthanso kugwira wailesi pamimba n'kumatembenuka, thupi lanu limatchinga mafunde a FM, phokoso likachepa ndiye kuti chinthucho chili kumsana kwanu.

Kabaza265:
Koma usipa wakwera mtengo chaka chino mayi, kandowa kamene kaja tinkagula mosavuta pano ndi nkhondo

Mayi_a_Usipa:
Mafuta a injini achimwene, komanso mwera ukawomba masiku atatu palibe amene amapita. Ife ogula timangolandira mtengo womwe tapeza.

Mwana_wa_Makawa:
Ndabwerako abale, ndikufotokozereni momwe zayendera. Ndinatenga mphwanga wa Form 3 ndi njinga yopalasa, iye kugwira kope ine wailesi. Muyezo woyamba pabwalo la mpira, phokoso linafera nsonga italoza chakunyanja chakumpoto pang'ono, tinalemba kuti yaloza mtengo wa mgwalangwa wautali. Wachiwiri tinalakwitsa, tinaima m'mbali mwa msewu pansi pa mawaya, wailesi kulikonse kotembenukira phokoso osafa, ndinakumbuka mawu a Fundi tinachokapo. Tinatsikira kumchenga kumwera kwa doko, pamenepo linafa bwino kwambiri, nsonga italoza motsatira gombe chakumpoto. Mphwanga anajambula mizere iwiriyo inakumana kuseri kwa matandala oyanikapo usipa. Wachitatu tinakayeza kumpoto kwa doko, mzere unabwerera kumwera koma unaphonya pang'ono, katrayango kake kanali ndi nyumba mwina 10 mkati.

Ndiye tinasiya njinga, SW eriyo yotsekeratu, kuyenda pang'onopang'ono pakati pa matandala. Malo otchajira alipo atatu. Oyamba phokoso linalipo koma laling'ono, achiwiri chimodzimodzi. Tikuyandikira achitatu ndinasintha ku FM steshoni ija imavuta kunyumba, inkamveka, masitepe 20 yayamba kukanda, masitepe ena 10 yamira yonse zzzzzz mpaka sipika kunjenjemera m'manja. Ndi kashedi ka malata, mkati mabatire ali ndandanda pansi ndinawerenga 14, chaja yake ndi kabokosi kopanda chivundikiro kafani kakuzungulira, mawaya awiri ofiira ndi akuda atalikirana wina wadutsa pa mtanda wa denga wina pansi, aliyense mwina mamita 6. Mwini wake sanalipo, panali kamnyamata kolandira ndalama, sindinanene kanthu ndabwerako kaye. Kuchoka pamenepo kufika kwathu mphwanga wayeza pa mapu ndi mamita 420.

Aphunzitsi_a_Physics:
Mwagwira ntchito yaukhondo, ndipo mphwanuyo mumuuze kuti zomwe wachita ndi kope lakelo ndi bearings zomwe zija za m'kalasi. Mawaya otalikirana mwawaonawo ndiye eriyo yeniyeni, apanga chizungulire chachikulu, ndipo chizungulire chikakula chimaulutsa kwambiri.

Che_Malindi:
Kanenezeni ku MACRA basi, ndi ntchito yawo yoyang'anira mafunde. Munthu sangamasokoneze mudzi wonse chifukwa cha bizinesi yake

Mayi_a_Usipa:
Ayi Che Malindi musafulumire. Munthuyo sakudziwa n'komwe kuti chaja yake ikuchita zimenezi, ine ndemwe sindinkadziwa kuti chaja ingalowe mu wailesi ya munthu wa kutali. Pashedi pamenepo pakudya mabanja angati? Mwini wake, asiginala, alovi, ife ogula. Mukamuitanira akuluakulu mwayambitsa chidani cha zaka pamudzi. Apite akalankhule naye mwaulemu, ngati n'kotheka apite ndi munthu wamkulu wapadoko.

Che_Malindi:
Nanga akakana? Anthu ena ukawapita mwaulemu amakuona ngati wopusa

Mlonda_wa_Tchire:
Akakana ndiye nkhani ipite kwa amfumu kaye. Koma musanaweruze tsimikizani, muzimitse chajayo wailesi ili pompo. Ine ndinatsatirapo phiri ola lathunthu ndili wotsimikiza.

Fundi_wa_Mawaya:
A Mlonda anena zoona, kuzimitsa ndi kuyatsa katatu, phokoso likamatsatira ndiye umboni wakwana. Ndipo popita musapite ndi dandaulo lokha, pitani ndi mankhwala. Choyamba mawaya awiri aja awafupikitse momwe angathere ndipo awapotane pamodzi ngati chingwe, ofiira ndi akuda, kuti zomwe wina akuulutsa mnzake azizifafaniza. Chachiwiri pezani mphete za ferrite, zija zotupa pa chingwe cha monitor yakale kapena za mkati mwa power supply ya kompyuta yakufa, okonza makompyuta ku boma amangotaya. Mawaya onse awiri apite limodzi mu mpheteyo maulendo anayi kapena asanu, pafupi penipeni ndi chaja, imodzi mbali ya mabatire ina mbali ya ku soketi. Chachitatu chivundikiro chachitsulo chibwerere ndipo chilumikizidwe ku earth, chimenechi n'chofunikanso pa moyo wa kamnyamata kaja, chaja yosavundikira pamchenga wonyowa ndi ngozi. Muwauzenso kuti batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen woyaka, shedi ikhale yopita mphepo ndipo pasamasutidwe fodya. Zonsezi azichita atachotsa pulagi ku soketi. Zikakanika ndiye chaja ya transifoma yolemera ija, imadya magetsi ambiri koma siilira chonchi.

Mnyamata_wa_Dongle:
Ine ndili ndi power supply ziwiri zakufa pano ku boma, mphete ndichotsa usiku uno. @Kabaza265 mungakatule ku Makawa?

Kabaza265:
Mawa m'mawa ndili ndi kasitomala wa ku Namiasi, ndipitirira nazo. Za mafuta musadandaule ndi za madala

Mwana_wa_Makawa:
Abale ndabwera ndi lipoti. Mphete zinafika, zikomo a Kabaza ndi a Dongle. Ndinapita ndi amalume anga omwe amadziwana ndi mwini shedi, tinanyamula wailesi. Poyamba bamboyo nkhope inagwa, ankaganiza kuti tabwera kudzamutseketsa, akuti chajayo anagula miyezi iwiri yapitayo itapsa yakale, nthawi yake yomweyo yomwe vuto linayamba. Amalume anati tangozimitsani timve. Anazimitsa, wailesi mbee munthu akuwerenga nkhani. Kuyatsa, zzzzz. Anabwereza yekha kanayi akugwedeza mutu, kenako anaitana mkazi wake kuti adzaone, akuti nawonso wailesi yawo kunyumba inkavuta ankaganiza kuti yatha. Tinachotsa pulagi, tinadula mawaya kutsala mamita awiri n'kuwapota, mabatire tinawasendeza pafupi, mphete ziwiri tinaika mbali ya mabatire imodzi mbali ya soketi. Chivundikiro akuti anachotsa chifukwa inkatentha, walonjeza kuti abweza ndipo aboola mabowo ena a mphepo.

Panopa kunyumba FM yonse ili bwino, SW ikumveka, bambo amvera nkhani zawo masana ano koyamba pa miyezi iwiri. Pa MW chakumunsi kwa dial kakadalipo ka zzz kakang'ono, ndawatembenuzira wailesi pa mpando kuti nsonga iloze kudoko ndipo kakuzilala.

Fundi_wa_Mawaya:
Kotsalako kakuyenda mu waya wamagetsi, mbali ya soketi mphete imodzi yachepa ndipo pa MW pamafunika kukulunga maulendo ambiri. Chivundikiro chikabwerera mundiuze ngati kasintha.

Nachisale_MH:
A Fundi nanga ine TV ikumachita mizere madzulo aneba akayatsa mababu a panja, njira yake ndi yomweyi?

Fundi_wa_Mawaya:
Yomweyo mayi, koma yambani ndi main switch yanu kaye, wailesi ya mabatire ili m'manja. Mukapeza kuti ndi babu musavutike ndi mphete, ingosinthani babulo.

Mnyamata_wa_Dongle:
@Mwana_wa_Makawa ndapeza mphete ina yaikulu mu UPS yakale, waya ungalowe maulendo 8. Loweruka ndibwera nayo ndekha ndi dongle yanga, ndikufuna ndiyeze pashedipo chivundikiro chisanabwerere komanso chitabwerera. Mundidikire pa siteji ya Makawa chakuma 9.